Chipolowe cha ku Christie Pits: momwe mthunzi wa Hitler udafikira ku Toronto

Chipolowe cha ku Christie Pits ndi ndewu yomwe idabuka pabwalo la masewero mumzinda wa Toronto, m'dziko la Canada, usiku wa Lachitatu pa 16 Ogasiti 1933. Ndewuyo idatenga maola pafupifupi 6, ndipo malipoti a nthawiyo adati anthu omwe adakhamukira pamalopo, omenya ndi oonerera omwe, adafika 10,000. Chomwe chidaiputa chidali chinsalu choyera chojambulidwa swastika, mtanda wopindika nsonga womwe udali chizindikiro cha chipani cha Nazi cha ku Germany. Apa n'kuti Adolf Hitler atalamulira dzikolo kwa miyezi 6 ndi theka yokha.

Nkhani ya chipolowechi, pamodzi ndi zomwe zidatsatira mpaka 1939, imagwetsa ganizo lomwe lidafala nkhondo itatha, loti maiko akutali sankadziwa zomwe zinkachitika ku Germany. Anthu a ku Toronto ankadziwa. Adaziwerenga m'nyuzipepala, adachita zionetsero, ena adakhetsa magazi. Koma pamene ozunzidwawo adagogoda pakhomo la Canada, chitseko sichidatsegulidwe.

Momwe Hitler adapezera mphamvu

Pazisankho za mu 1928 chipani cha Nazi chidali kachipani konyozeka: chidapeza mavoti 2.6 pa 100 alionse ndi mipando 12 yokha m'nyumba ya malamulo yotchedwa Reichstag. Zinthu zidatembenuka chuma cha dziko lapansi chitagwa mu 1929. Mafakitale adatsekedwa, ndipo pofika 1932 anthu pafupifupi 6 miliyoni ku Germany adali paulova. Hitler ankauza anthuwo kuti mavuto awo adachokera ku pangano la Versailles la mu 1919, lomwe lidalanda Germany zigawo zina ndi maiko onse omwe inkalamulira kunja, kuphatikizapo Tanganyika woyandikana ndi Nyasaland, komanso kuti adachokera kwa Akomyunizimu ndi kwa Ayuda. Ayudawo adalipo pafupifupi 500,000, osakwana munthu mmodzi pa 100 alionse m'dzikomo.

Mu Seputembala 1930 chipanicho chidapeza mipando 107, ndipo mu Julayi 1932 chidapeza 230 n'kukhala chachikulu kuposa china chilichonse. Komabe sichidapezeko mavoti oposa theka pachisankho chaufulu, ndipo mu Novembala chaka chomwecho mipando yake idatsika kufika pa 196. Amene adamutsegulira Hitler khomo adali andale olemekezeka ozungulira mtsogoleri wa dziko, nkhalamba Paul von Hindenburg, makamaka Franz von Papen. Iwo ankaona ngati amumanga chingwe, iye azikoka khamu, iwo azilamulira. Pa 30 Januwale 1933 Hitler adalumbiritsidwa kukhala mkulu wa boma, ndipo mwa nduna zake, a chipani cha Nazi adali awiri okha, Wilhelm Frick ndi Hermann Göring. Awiriwo ndi amene adagwira nthambi zoyang'anira apolisi.

Zotsatira zake zidathamanga ngati moto wa lupsa. Usiku wa pa 27 Febuluwale nyumba ya Reichstag idapsa, ndipo m'mawa mwake padatuluka lamulo loimitsa ufulu wolankhula, wosonkhana ndi wofalitsa nkhani, komanso lolola apolisi kusunga munthu popanda kumutengera kukhoti. Pa 22 Malichi ndende yozunzirako anthu ya Dachau, pafupi ndi Munich, idalandira akaidi ake oyamba, omwe ambiri adali andale otsutsa. Tsiku lotsatira aphungu adavomereza lamulo lopatsa nduna mphamvu zopanga malamulo popanda nyumba ya malamulo. Aphungu a chipani cha Komyunizimu adali m'ndende kapena kobisala, anyamata a chipani otchedwa SA adali ataima m'makonde, ndipo okana adali aphungu 94 okha a chipani cha Social Democratic. Pa 1 Epulo boma lidalamula anthu kunyanyala masitolo, madokotala ndi maloya Achiyuda. Pa 7 Epulo Ayuda adayamba kuchotsedwa ntchito m'boma. Pa 2 Meyi mabungwe a anthu apantchito adathetsedwa, pa 10 Meyi ophunzira a m'mayunivesite adatentha mabuku poyera, ndipo pa 14 Julayi zipani zina zonse zidaletsedwa. Choopsa pa mndandandawu n'chakuti pafupifupi chilichonse chidabwera chitavala lamulo, chosainidwa ndi kudindidwa bwinobwino.

Toronto wa masiku amenewo

Wofika ku Toronto lero, mzinda womwe pafupifupi theka la anthu ake adabadwira kunja kwa Canada, angavutike kuuzindikira mzinda wa mu 1933. Kalembera wa mu 1931 adapeza anthu 631,000, ochuluka mwa iwo ochokera ku Britain ndi Ireland, a mipingo ya Chipulotesitanti. Bungwe la Orange Order lidali ndi mphamvu ku khonsolo, kupolisi ndi kwa ozimitsa moto, moti mzindawo ankautcha Belfast wa ku Canada. Ayuda adalipo pafupifupi 45,000, ndipo ndiwo adali gulu lalikulu kwambiri mwa anthu osachokera ku Britain. Ambiri adachoka ku Poland ndi ku Russia, ankakhala cha ku Kensington Market, ndipo ankasoka zovala m'mafakitale a mumsewu wa Spadina.

Tsankho silidachite kubwera ndi Hitler. Lidalipo kale, ndipo silinkabisika. Mahotela ndi malo ena opumulirako ankapachika zikwangwani zokana Ayuda, makampani ambiri akuluakulu sankawalemba ntchito, ndipo dokotala Wachiyuda ankavutika kupeza malo m'zipatala za mumzindamo. Umphawi udakolezera zonsezi, popeza mu 1933 munthu mmodzi mwa anayi alionse oyenera kukhala pantchito ku Canada adali paulova.

Nkhani za ku Germany zinkafika mwachangu. Nyuzipepala ya Toronto Daily Star inkasindikiza malipoti a Pierre van Paassen, kenako a Matthew Halton, ofotokoza za kumenyedwa kwa anthu ndi za ndende zatsopano. Nyuzipepala ya chilankhulo cha Yiddish, Der Yidisher Zhurnal, inkalemba nkhanizi tsiku ndi tsiku kwa owerenga omwe adasiya abale awo ku Ulaya, ndipo ambiri mwa iwo ankakumbukira okha ziwembu zomwe adathawa kwawo. Pa 11 Julayi 1933 osoka zovala ndi antchito ena adasiya makina masana, ndipo anthu oposa 15,000 adaguba mpaka ku Queen's Park, komwe kuli nyumba ya malamulo ya chigawo cha Ontario, kutsutsa ulamuliro wa Hitler.

Patangopita milungu itatu, swastika idaonekera kum'mawa kwa mzindawo, m'mphepete mwa nyanja ya Ontario. Magombe a Kew ndi Balmy adali malo a aliyense, ndipo mabanja Achiyuda, omwe sakadatha kulipira malo opumulirako akutali ngakhale akadaloledwa, ankapita kumeneko Lamlungu. Eni nyumba a m'deralo ankadandaula za zinyalala ndi phokoso. Kumayambiriro kwa Ogasiti achinyamata ena adakhazikitsa gulu lotchedwa Swastika Club, n'kumayenda m'mbali mwa nyanja atavala chizindikirocho. Atsogoleri awo ankati cholinga chawo n'kusamalira ukhondo wa gombe basi, ndipo ena ankati swastika n'chizindikiro chakale cha mwayi. Palibe amene adanamizika. Mfumu ya mzinda, William James Stewart, idaitanitsa zokambirana, ndipo gululo lidavomera kusintha dzina ndi kusiya chizindikirocho. Koma achinyamata a madera ena adali ataona kale kuti kansalu kameneka kamalasa pamtima.

Usiku wa pa 16 Ogasiti

Christie Pits ndi chidzenje chachikulu chomwe kale ankakumbamo mchenga, pamphambano ya misewu ya Bloor ndi Christie. Panthawiyo dzina lake la m'mabuku lidali Willowvale Park. Mabwalo a masewero ali pansi, ndipo oonerera amakhala m'zitunda zozungulira. Sabata imeneyo padali mpikisano wa achinyamata wa softball, masewero omenya mpira waung'ono ndi chibonga, pakati pa timu ya Harbord Playground, yomwe osewera ake ambiri adali Ayuda, ndi timu ya St. Peter's, ya tchalitchi cha Katolika cha m'deralo.

Pamasewero oyamba, Lolemba pa 14 Ogasiti, anyamata a m'deralo odziwika kuti Pit Gang adakweza chovala chojambulidwa swastika. Usiku womwewo ena adapaka penti padenga la nyumba ya pabwalopo chizindikirocho ndi mawu otamanda Hitler. Aliyense adadziwa kuti Lachitatu kukhala zina. Apolisi adachenjezedwa, koma mkulu wawo, Dennis Draper, adatumiza ochepa kwambiri. Draper adali msilikali wakale wotchuka pobalalitsa misonkhano ya Akomyunizimu ndi ya malova, ndipo pa ntchito imeneyo apolisi sankamuperewera.

Masewero a Lachitatu adaimaima kangapo chifukwa cha kutukwanizana ndi tindewu ta m'zitunda. Timu ya St. Peter's idapambana. Masewero atangotha, chinsalu choyera chija chidatambasulidwa pachitunda, ndipo anyamata Achiyuda adathamangira komweko kuti akaching'ambe. Osewera a St. Peter's sindiwo adachikweza, ndipo chipolowechi sichidali cha matimu awiriwo. Mbiri itafika ku Spadina ndi ku College, achinyamata adakwera malole n'kuthamangira ku Bloor. Anyamata Achitaliyana, omwe ankakhala moyandikana ndi Ayuda ndipo nawonso ankatchedwa alendo, adabwera kudzathandiza. Mbali inayo idaitananso ake. Zida zidali zibonga za masewero, mapaipi ndi matabwa, ndipo ndewu idasefukira m'misewu ndi m'tinjira ta kuseri kwa nyumba mpaka pakati pa usiku padadutsa. Apolisi a pa akavalo ndi a njinga zamoto adafika zinthu zitaipa kale. Anthu ambiri adavulala, angapo adagonekedwa m'chipatala, koma palibe adafa. Kutacha, Stewart adalengeza kuti aliyense woonetsa swastika mumzindamo adzazengedwa mlandu.

Cyril Levitt ndi William Shaffir, omwe adalemba buku la The Riot at Christie Pits mu 1987, adafufuza nyuzipepala za nthawiyo n'kucheza ndi anthu omwe adalipo. Chomwe chimaoneka m'nkhaniyi n'chakuti anyamata a Pit Gang sadali a chipani cha Nazi olembedwa m'kaundula, ndipo sankalandira malangizo kuchokera ku Berlin. Adali ana a m'dera losauka omwe adaleredwa m'tsankho la kwawo komweko, ndipo Hitler adangowapatsa chizindikiro. Koma kwa mwana wa telala wochokera ku Poland, amene kwa miyezi 6 adamva makolo ake akuwerenga mokweza za Dachau, kusiyana kumeneku kudalibe ntchito.

Kuchoka pa chipongwe kufika pa lamulo

Ku Germany nkhanza zidapitirira kukhazikika. Pa 30 Juni 1934 Hitler adaphetsa atsogoleri a SA, kuphatikizapo Ernst Röhm, pamodzi ndi adani ena akale. Hindenburg atamwalira pa 2 Ogasiti, Hitler adaphatikiza maudindo onse awiri, ndipo asilikali adalumbira kukhulupirika kwa iye mwini, osati kwa malamulo a dziko. Mu Malichi 1935 adabwezeretsa usilikali wokakamiza mophwanya pangano la Versailles. Pa 15 Seputembala 1935 malamulo a Nuremberg adalanda Ayuda unzika ndi kuletsa ukwati pakati pa iwo ndi Ajeremani ena, ndipo posakhalitsa chiletsocho chidakhudzanso anthu a mtundu wa Roma ndi anthu akuda. Mu 1937 ana mazana angapo a m'chigawo cha Rhineland, obadwa kwa amayi Achijeremani ndi asilikali a ku Africa a gulu lankhondo la France, adachitidwa opaleshoni mokakamizidwa kuti asadzabereke. Lamulo la mu 1933 lidali litalola kale kuchita zomwezo kwa olumala ndi odwala misala. A Mboni za Yehova, omwe ankakana kuchitira Hitler sawatcha ndi kulowa usilikali, adali m'gulu la oyamba kuponyedwa m'ndende.

Masewero a Olympic a ku Berlin mu Ogasiti 1936 adapatsa boma mwayi wodziyeretsa pamaso pa alendo, ndipo zikwangwani zonyoza Ayuda zidatsitsidwa kwa kanthawi. Canada idatumiza timu yake. Akatswiri awiri ankhonya a ku Toronto, Sammy Luftspring ndi Norman Yack, wodziwika kuti Baby Yack, adakana poyera kupitako. Luftspring, amene ankalowa m'bwalo atasokerera nyenyezi ya Davide pakabudula, adamenya nawo ku Christie Pits ali ndi zaka 17. Awiriwa adanyamuka ulendo wa ku Barcelona ku masewero ena okonzedwa motsutsana ndi a ku Berlin, koma nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain idabuka iwo ali m'njira, masewerowo n'kulephereka.

Nduna yaikulu ya Canada, William Lyon Mackenzie King, inkaona zinthu mwa mtundu wina. King adabadwira m'tauni ya ku Ontario yomwe inkatchedwa Berlin isadasinthidwe dzina kukhala Kitchener mu 1916, ndipo adamuuza Hitler zimenezi pamene adakumana pa 29 Juni 1937. M'buku lake la tsiku ndi tsiku adalemba kuti adaona munthu wokonda anthu anzake ndi dziko lake, wosafuna nkhondo. Apa n'kuti malamulo a Nuremberg atagwira ntchito kwa zaka pafupifupi ziwiri.

Chaka cha 1938 chidavula zonse. Mu Malichi Germany idameza Austria, ndipo Ayuda a ku Vienna adakakamizidwa kukolopa misewu atagwada, anthu akuseka. Ku Canada nako otsanzira Hitler adalimba mtima. Adrien Arcand, mtolankhani wa ku Montreal, adagwirizanitsa timagulu tawo kukhala chipani cha National Unity ku Kingston, ndipo pa 4 Julayi adachititsa msonkhano mu Massey Hall ku Toronto, otsatira ake atavala malaya abuluu. Usiku womwewo anthu pafupifupi 10,000, ochuluka kangapo kuposa a Arcand, adasonkhana mu Maple Leaf Gardens kumutsutsa. Mu Seputembala, ku Munich, Britain ndi France zidalola Hitler kutenga chigawo cha Sudetenland cha dziko la Czechoslovakia.

Kenako padadza usiku wa pa 9 mpaka 10 Novembala, wotchedwa Kristallnacht chifukwa cha magalasi osweka omwe adadzaza misewu. Ponamizira imfa ya kazembe wamng'ono Ernst vom Rath, amene adaomberedwa ku Paris ndi mnyamata Wachiyuda wa zaka 17, Herschel Grynszpan, anyamata a chipani adatentha masunagoge mazanamazana ndi kuphwanya masitolo pafupifupi 7,500. Chipanicho chidavomera chokha kuti anthu 91 adaphedwa. Amuna pafupifupi 30,000 adatengeredwa ku Dachau, Buchenwald ndi Sachsenhausen, ndipo Ayuda adalipitsidwa chindapusa cha ma Reichsmark 1 biliyoni pa chiwembu chomwe chidachitikira iwo omwe. Pa 20 Novembala anthu pafupifupi 17,000 adadzaza Maple Leaf Gardens, Ayuda ndi Akhristu, kupempha boma kuti lilandire othawa kwawo.

Chitseko cha Frederick Blair

Lamulo la mu 1931, lomwe lidakhazikitsidwa chuma chitagwa, linkalola kulowa m'Canada anthu a ku Britain, a ku United States, alimi okhala ndi ndalama zokwanira, ndi akazi ndi ana aang'ono a amuna okhala kale m'dzikomo. Wina aliyense ankafunika chilolezo chapadera cha nduna. Woyang'anira nthambi yoona za olowa m'dziko kuyambira 1936 adali Frederick Blair, ndipo makalata ake omwe adasungidwa amaonetsa munthu wonyadira kuti akutsekereza Ayuda. Komabe n'kulakwa kumusenzetsa yekha mtolowu. King ankaopa kutaya mavoti a chigawo cha Quebec, nduna yake yodalirika, Ernest Lapointe, inkakana kwamtuwagalu, ndipo kumayambiriro kwa 1939 nyumba ya malamulo ku Ottawa idalandira chikalata chosainidwa ndi anthu pafupifupi 128,000 okana kulandira Ayuda. Pamsonkhano wa maiko 32 ku Evian, m'dziko la France, mu Julayi 1938, nthumwi ya Canada, Hume Wrong, idatumidwa kukamvetsera popanda kulonjeza kanthu. Maiko enawo, kupatula Dominican Republic, adachita chimodzimodzi.

Pa 13 Meyi 1939 sitima yapamadzi ya St. Louis idanyamuka ku Hamburg ndi anthu 937, pafupifupi onse Ayuda othawa. Dziko la Cuba lidakana zitupa zawo n'kulola ochepa okha kutsika, ndipo United States idakananso. Pa 7 Juni gulu la anthu otchuka a ku Toronto, motsogozedwa ndi katswiri wa mbiri yakale George Wrong, bambo wake wa Hume Wrong uja, lidatumiza telegalamu kwa King kupempha kuti sitimayo iloledwe kukocheza ku Canada. King adali paulendo woperekeza Mfumu George VI ku United States, ndipo adasiya nkhaniyo m'manja mwa Lapointe ndi Blair, omwe adakana. Sitimayo idabwerera ku Ulaya n'kukafika ku Antwerp pa 17 Juni. Britain, France, Belgium ndi Netherlands zidagawana anthuwo, koma maiko atatu omalizawo adagwa m'manja mwa Germany mu 1940, ndipo anthu 254 mwa omwe adakwera sitimayo adaphedwa.

Germany idalowa m'Poland pa 1 Seputembala 1939, ndipo Canada idalengeza nkhondo pa 10 Seputembala. Irving Abella ndi Harold Troper, m'buku lawo la mu 1982 lotchedwa None Is Too Many, adapeza kuti pakati pa 1933 ndi 1945 Canada idalandira Ayuda othawa kwawo osakwana 5,000, chiwerengero chotsika kuposa cha maiko ena onse olemera omwe ankalandira alendo. Mutu wa bukulo udachokera pa yankho la mkulu wina wa boma mu 1945 atafunsidwa kuti ndi Ayuda angati adzaloledwe nkhondo ikatha, ndipo tanthauzo lake n'lakuti ngakhale osalandira n'mmodzi yemwe, achuluka kale.

Arcand adamangidwa mu Meyi 1940 n'kusungidwa mpaka 1945. M'chaka chomwecho cha 1940 Britain idatumiza ku Canada amuna ndi anyamata pafupifupi 2,300, ambiri Ayuda othawa ku Germany ndi Austria, monga anthu a dziko la adani. Adatsekeredwa m'misasa ya waya waminga ku Ontario, Quebec ndi New Brunswick, ena poyamba pamodzi ndi akaidi okonda Hitler, ndipo omaliza adamasulidwa mu 1943. Chigawo cha Ontario chidaletsa zikwangwani zatsankho mu 1944. Chikwangwani chokumbukira chipolowe chidaikidwa ku Christie Pits mu 2008, ndipo pa 7 Novembala 2018 nduna yaikulu Justin Trudeau idapepesa m'nyumba ya malamulo ku Ottawa chifukwa chobweza sitima ya St. Louis, patadutsa zaka 79.